Chaka Chimene Ndinkalipira Anthu Kuti Ndiwalangize

Ofesi yanga inali kachipinda kamodzi kuseri kwa sitolo ya nsalu, pafupi ndi msika wa pa Mzimba Boma. Munali tebulo, mipando ya pulasitiki khumi ndi iwiri, makompyuta awiri akale, ndi makina osindikizira amene ankachitanso fotokope. Pakhomo ndinakhomapo chikwangwani chonena kuti timalangiza achinyamata oyamba mabizinesi a zamakono: okonza mafoni, otumiza ndalama pa foni, otchaja mabatire ndi mphamvu ya dzuwa, ndi aja opanga mapulogalamu a pa foni. Ndinalemba kuti "timalangiza", koma ndinalipo ndekha.

Ndisanatsegule ofesiyo ndinali mphunzitsi wa kompyuta pa sekondale ina m'boma lomwelo. Kwathu ndi ku Dedza, ku Mzimba ndinabwera chifukwa cha ntchito. Ophunzira anga akale ndinkakumana nawo pamsika, wina akukonza mafoni pansi pa ambulera, wina ali m'kakhumbi kotumizira ndalama, ndipo aliyense ankandiimitsa kuti ndimupatseko nzeru. Ndinayamba kudziona ngati munthu wokhalira chuma osadziwa. Ndinasiya ntchito.

Ndalama zoyambira sizinali zanga. Akazi anga ndi namwino, ndipo anatenga ngongole ku bungwe lawo losunga ndi kubwereketsa ndalama, yodula pa malipiro mwezi ndi mwezi. Ngongoleyo poyamba inali ya malata. Ku Dedza tinali titamanga nyumba ya njerwa zootcha zomangira dothi, makoma afika pamwamba koma denga palibe. Achimwene awo a akazi angawo ndi amene ankafolera makomawo ndi udzu ndi mapepala a pulasitiki dzinja lililonse kuti mvula isawagwetse. Akazi angawo ndinawanyengerera kwa miyezi itatu kuti ndalamazo ziyambe zadzera ku ofesi. Pomaliza anavomera, koma anaika malire.

"Chaka chimodzi, bambo," anatero. "Chikatha tidzakhala pansi ndi buku lanu. Ofesi ikadzalephera kubweza ndalama za malata, mudzatseka."

Ndinavomera asanamalize n'kulankhula komwe.

Maganizo anga anali osavuta. Loweruka lililonse ndizichititsa semina, aliyense wolowa azilipira kangachepe. Amene waona kuti zamuthandiza azibwera payekha m'kati mwa sabata, tizikonzera limodzi bizinesi yake, azilipira pamwezi. Ndinamata zidziwitso pamsika, pa depoti ya minibasi ndi pakhomo la tchalitchi. Loweruka loyamba ndinavala tayi, ndinayala mipando yonse, ndinadikira. Panabwera anthu awiri. Atamva kuti mtengo umene unali pachidziwitso ndi woti apereke iwowo, anati akukatenga ndalama kunyumba. Mpaka lero akutengabe.

Mwini sitolo, amenenso anali mwini kachipindako, anali bambo wachikulire wa Chisilamu, wodekha, wosaononga mawu. Ankaonera zonsezi ali pakhonde pake akupinda zitenje. Dzuwa litapendeka anandiitana.

"Aphunzitsi, mwakhala kuno zaka zingati? Semina munaionapo yoti munthu alipire? Kuno munthu amapita ku semina kukasaina ndi kulandira. Mabungwe anatizoloweza choncho. Thiransipoti, chakudya cha masana, kabotolo ka zoziziritsa kukhosi. Inu mukufuna munthu asiye benchi lake tsiku la msika, akupatseninso ndalama?"

Ankanena zoona, ndipo ine ndinkazidziwa bwino kuposa iwo. Pa uphunzitsi wanga wonse sindinapiteko ku semina yopanda alawansi, ndipo ina ndinatulukamo ndi anzanga titamva kuti envulopu kulibe. Bambowo ankandichenjeza kuti malonda angawa alibe msika. Ine ndinamva zina. Ndinaganiza kuti ndiyambe ndawakopa anthuwo kamodzi kokha: ndiwabwezere thiransipoti, ndiwagulire banzi ndi chakumwa, alawe zimene ndikuphunzitsa. Akalawa adzalipira okha. Kupatsa n'kuika, ndinadzilimbitsa mtima motero.

Loweruka lotsatira mipando inachepa. Ena anakhala pansi, ena anaima pawindo. Ndinaphunzitsa za kusiyanitsa ndalama za bizinesi ndi za m'thumba, za kulemba chilichonse cholowa ndi chotuluka, za kusagulitsa chinthu pa mtengo wotsika kuposa umene unagulira. Ankaomba m'manja. Pomaliza anafola, kusaina papepala, aliyense n'kulandira yake ya thiransipoti. Pamzerepo panali akabaza atatu amene njinga zawo zinali zitatsamira khoma la ofesi yomweyo. Nawonso anasaina.

Kamodzi kaja kanasanduka kawiri, kenako mwambo. Ndikati sabata ino ndilengeze kuti zaulere zatha, ndinkayang'ana chipinda chodzaza n'kuchita mantha kuti ndidzatsalanso ndi mipando. Kunena zoona, ndinkakonda kuomberedwa m'manja. Pamsika ndinatchuka, minibasi zinkandiimira ngakhale zitadzaza. Mapepala osainidwa aja ndinkawasunga m'faelo imene ndinailemba pamwamba kuti "makasitomala am'tsogolo". Akazi anga akafunsa kuti zikuyenda bwanji, ndinkawaonetsa faeloyo, yonenepa ngati Baibulo la pa guwa. Buku la ndalama ndinkalisiya ku ofesi.

Sikuti onse ankangofuna alawansi. Panali mayi wina wachitsikana wochokera ku Engutwini, amene anaphunzira za kompyuta ku koleji ku Mzuzu n'kubwerera kumudzi atasowa ntchito. Iyeyu anali ndi chinthu chenicheni m'manja. Ankatolera mitengo ya soya, nyemba ndi chimanga m'misika ingapo, n'kutumizira alimi a kwawo pa uthenga wa pa foni, kuti mavenda akafika ndi masikelo awo asawapusitse. Ankachita izi pamanja, uthenga umodziumodzi, mayunitsi akugula yekha. Ankabwera kawiri pamwezi, ulendo wautali wosinthasintha galimoto, ndipo ankakhala kutsogolo ndi kope lake.

Ndinagwira naye ntchito miyezi isanu ndi itatu. Tinakonza njira yoti uthenga uzipita kwa alimi onse nthawi imodzi. Tinawerengera kuti mlimi azipereka zingati pa nyengo yokolola kuti iyeyo asamadye mpamba. Ndinamuphunzitsa kukambirana ndi makalabu a alimi m'malo molondola munthu mmodzimmodzi. Zinayamba kumuyendera, makalabu angapo analowa. Za malipiro anga sitinakambiranepo. Iye ankanditcha asambizgi, ndiye kuti aphunzitsi m'Chitumbuka, ndipo kwa iye mphunzitsi wako sumufunsa mtengo wa malangizo ngati ukugula tomato. Ankabwera ndi nyemba m'kathumba, tsiku lina uchi m'botolo, n'kugwada pang'ono pakhomo.

"Yewo chomene, asambizgi. Chiuta wamutumbikeni."

Nanenso pakamwa pankandilemera. Munthu wakugwadira, wakudalitsa, iwe n'kutulutsa risiti? Ndinkalandira nyembazo ndi manja awiri, ndipo potuluka naye ankasaina thiransipoti ngati ena onse.

Chimene chinkalipira lendi ndi makina osindikizira aja. Ndinawagulira zolemba za semina, koma m'kati mwa sabata anthu ankabwera ndi makalata ofunsira ntchito, mapulogalamu a maliro, makadi a ukwati. Bambo wina wogula matabwa ku Chikangawa ankadzasindikiza mapepala a katundu wa malole ake Lolemba lililonse, ndipo ankalipira pompo, osanenerera. Ntchito imeneyi ndinkaichita monyinyirika. Ndinkaona ngati ikundichotsa ulemu, ine mlangizi wa zamakono kumakhalira kukonza mayina a onyamula nkhata pa maliro.

Chaka chinakwana mu Okutobala, kunja kukutentha, mitambo itayamba kusonkhana cha kumapiri a Viphya. Akazi anga sanaiwale. Tsiku lina masana, atachoka ku ntchito ya m'mawa, anafika ku ofesi ali mu yunifolomu. Ndinawapatsa faelo ija. Anaikankhira pambali.

"Buku, bambo."

Bukulo linali lolembedwa bwino, pamenepo pokha ndisadzinamizire. Zimene ndinkaphunzitsa za kulemba ndinkazitsata, kungoti sindinkaphatikiza. Iwo anatenga pepala, analigawa pakati ndi cholembera, mbali ina makina osindikizira, mbali ina ulangizi. Anawerengera pa foni yawo mwakachetechete, mwina ola lathunthu, ine ndikunamizira kupukuta makompyuta. Zotsatira zake zinali zosafuna sukulu. Makina aja analipira lendi ndi magetsi chaka chonse, n'kutsalako phindu loti likanagula malata a chipinda chimodzi kapena ziwiri. Phindu limenelo linathera ku mabanzi ndi thiransipoti, pamodzi ndi zonse zimene zinatsala pa ngongole ija. Kumbali ya ulangizi, malo olemba zolowa anali oyera kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza.

"Palibe ndi mmodzi yemwe?" anafunsa.

"Akubwera, mayi. Anthuwa akungofuna nthawi. Taonani mayina onsewa."

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, bambo. Awa ndi mayina chabe." Anatseka bukulo. "Ine ndimayesa mwatsegula bizinesi. Inu mwatsegula bungwe lothandiza anthu, ndipo wopereka thandizo lake ndine. Mwezi uliwonse akundidula, ine kumagwira mausiku kuchipatala, kuti akabaza azidya mabanzi."

Sanakweze mawu, ndipo zimenezo ndi zimene zinandipweteka kwambiri. Ndinachita manyazi ngati mwana wogwidwa dzanja lili mu shuga. Komabe ndinapempha Loweruka limodzi lomaliza. Ndinati ndilengeza poyera kuti thiransipoti kulibe, chakumwa kulibe, wolowa alipire. Pakabwera anthu okwana theka la mipando, andipatse miyezi ina itatu. 

"Limodzi," anatero.

Ndinatumiza uthenga kwa onse a m'faelo ija, mayunitsi ake akundiwawa. Ena anayankha kuti ali ku maliro. Mmodzi anafunsa ngati bungwe lathu lasiya kulandira thandizo kuchokera kunja. Loweruka ndinayala mipando yonse khumi ndi iwiri. Nthawi yoyambira inakwana, inapitirira. Mwini sitolo anasuzumira kamodzi, n'kubwerera ku zitenje zake.

Cha m'ma leveni koloko anafika mayi wa ku Engutwini uja, fumbi mpaka m'mawondo. Galimoto yoyamba inamufera panjira. Anayang'ana mipando yopanda anthu, kenako anamasula kansalu, n'kuika ndalama patebulo, zambiri zili zing'onozing'ono zopindikapindika, zooneka kuti zachokera m'manja mwa alimi.

"Uthenga ndinauona, asambizgi. Ine sindinkadziwa kuti mumagulitsa. Mukanandiuza kale, mbwenu ndinkalipira. Ndapota, musandione ngati wakuba."

Ndinamulembera risiti. Inali yoyamba m'kabuku ka marisiti a ulangizi, moti ndinachita kufunafuna pamene ndinaika kapepala ka kaboni. Tinakhala awiriwiri maola atatu, tikukonza mmene angalembere mgwirizano ndi makalabu atsopano. Sindinaphunzitsepo bwino ngati tsiku limenelo.

Pomaliza ananyamula kope lake, anatsazika. Ndinamufunsa ngati ya ulendo wobwerera ili bwinobwino. Anaseka pang'ono, anati akwera mpaka pamene ndalama yake ithere, kotsalako ayenda wapansi, anazolowera. Kunja kunali kutachita mdima wa mvula yoyamba. Ndinaganiza za mtunda umenewo, mayi yekhayekha, makilomita amene sindikanayenda ine. Ndinatsegula kabati n'kumupatsa ya thiransipoti yonse. Anakana kawiri, kachitatu analandira. Ndalamayo inaposa imene anandilipira.

Ndinalemba zonse ziwiri m'buku, cholowa ndi chotuluka, n'kupita nalo kunyumba. Akazi anga anali pakhonde akuchotsa zovala pachingwe mvula isanagwe. Anawerenga mizere iwiriyo ataimirira. Ndinkayembekeza mkuntho, koma anangopuma mozama.

"Mwachita bwino kumupatsa," anatero. "Nanenso ndikanamupatsa. N'chifukwa chake anthu ngati ife sitiyenera kukhala ndi ofesi yotere."

Lolemba ndinazula chikwangwani. Mwini sitolo anandibwereka hamala, ndipo anavomera kuti makina osindikizira akhalebe m'kachipindako. Mipando ndinagulitsa kwa mayi wina wa lesitilanti. Ndinalembanso kalata yopempha kubwerera ku uphunzitsi, ndinaisindikiza pa makina anga omwe, ngati makalata a anthu ena onse aja.

Panatsala chinthu chimodzi. Achimwene awo a akazi anga aja ku Dedza anali atauzidwa chaka chathachi kuti ulendo uno afolera komaliza, malata akubwera. Anali ataitana kale mmisiri kudzayeza denga. Madzulo a tsiku limenelo akazi anga anandipatsa foni yawo, nambala atayiimba kale.

"Muwauze ndinu. Ine ndawauza zaka zitatu, mawu andithera."

Analowa m'nyumba. Foni inaitana kawiri, alamu anga anayankha mosangalala, kufunsa za ana, za mvula ya kuno, kenako anafunsa kuti malata afika liti, poti kumeneko kwayamba kale kugunda. Ndinawauza kuti amwete udzu.