Ng'ombe Zidikire, Tiwonge Apite

Monire mose, ana anga ndi adzukulu!

Lululu! Tiwonge wathu waimba foni m'mawa uno, ine ndikuyanika usipa kuno ku Sangilo. Akuti, "Agogo, ku dipatimenti yathu ya makompyuta amata mayina a ophunzira oti akaphunzire ntchito kunja kwa dziko. Langa lilipo!"

Ndavina, ana inu, ndavina! Beseni lagubuduka, nkhuku zachita phwando, ine osazithamangitsa. Zidye, nazonso ndi za pakhomo pano!

Koma tamverani. Ulendowo ndi wa mu Ogasiti, mwezi womwe akuchimuna anati adzabweretsa ng'ombe za malowolo ake. Adada ake ayamba kale: "Amama, ng'ombe sizibwera kawiri."

Ine ng'ombe ndimazidziwa. Nthawi ya chipani chimodzi zinabwera kwathu, zinanditulutsa mu Sitandade 3, sileti ili m'manja. Zonsezo zinafa kalekale, koma ine mpaka lero kulemba ndimachita kutuluka nako thukuta. Uthenga uno ndauyamba dzuwa lili pamutu, pano lapendeka.

Ndiye ine ndikuti ng'ombe zidye msipu, mwana akwere ndege. Mnyamata womutomerayo ngati ndi wakedi, adikira. Inu mukuti bwanji? Yankhani msanga, adada akewo asanakavomere tsiku.