Tsiku Limene Amayi Anagwada Pamsewu

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene agogo aamuna, bambo awo a mayi anga, anamwalira kwathu ku Dedza. Uthenga unatipeza ku Bradford, ku England, mu Januwale. Amayi sanapite kumaliro. Pempho lathu loti tikhale m'dziko muno linali lisanayankhidwe, ndipo munthu akatuluka pa nthawi yotere saloledwanso kubwerera. Anaika foni pansi n'kuyamba kutsuka mbale zotsukatsuka kale. Sanalire.

Agogowo anali a gule wamkulu. Amayi atalowa mpingo ali mtsikana anatalikirana nawo, ndipo ine ndinakula ndikudziwa kuti zilombo za gule ndi za mdima. Ku Sande sukulu palibe ankandiposa poloweza mavesi, ndipo ndinkadzimva nazo.

Kumayambiriro kwa Febuluwale, a Margaret, mayi wachizungu woyandikana nafe, anagogoda. Anati amayi abindikira mokwanira, tipite tikaone anthu akupirikitsa chisanu monga ankachitira makolo awo. Tinakwera sitima mpaka kamudzi kena ka m'mapiri. Dzuwa linali litangolowa, mphepo ikuluma makutu. Ponseponse pankanunkha palafini wa miuni, ng'oma zikugunda.

Kenaka panatulukira chinthu chachitali choyenda pa mitengo, choyera mbee, nkhope yobisika. Chimenecho ndiye chinali chisanu. Ndinamva amayi akunong'ona: "Makanja." Ndilo dzina la chilombo chachitali cha gule kwathu. Kumbuyo kwake kunabwera china chovala masamba thupi lonse, choimira nyengo yophukira mitengo. Ziwirizo zinalimbana anthu akukuwa, mpaka choyeracho chinathawa.

Chamasambacho chikudutsa pamene tinaima, amayi anagwada pamsewu wonyowa. Anaweramitsa mutu monga amachitira akazi kwathu chilombo chikamadutsa, ndipo anayamba kulira maliro, mokweza, osasamala aliyense.

"Bambo anga ine! Mwapita osandiona, bambo anga ine!"

Azungu anacheuka. A Margaret anangowagwira paphewa. Ine manyazi anandigwira, ndinawakoka jekete n'kuwauza m'Chingerezi kuti adzuke, anthu akutiyang'ana.

Lamlungu lake, m'holo ya sukulu momwe tinkapempherera, ndinapita kwa a Gondwe, mkulu wa mpingo. Palibe anandifunsa. Ndinapita ndekha, mtima uli m'malo, n'kunena kuti amayi anagwadira fano.

"Unaona ndi maso ako, mwanawe?"

"Inde, abambo."

Akuluakulu anakhala pansi. Amayi sanakane kanthu. Anauzidwa kuti asiye kuvala bulauzi yoyera ya amayi a mpingo kwa miyezi itatu, ndipo azikhala kumbuyo. Mpingo umenewo ndiwo unali abale athu onse kuno. Mafoni a anzawo anachepa. Amene ankabwera Loweruka kudzalukana nawo tsitsi anapeza zochita zina.

Ndinkadikira kukwapulidwa, koma sanandikhudze. Tsiku lina masana ndinawapeza akusita bulauzi ija kuti aiike m'sutikesi. Analankhula osandiyang'ana.

"Fatsani mwanangu, pa maliro a agogo ako panavinidwa gule. Ana awo onse analipo, kupatula ine. Ndinapempha Mulungu kuti andipatse polirira, ndipo ng'oma zija zitalira ndinadziwa kuti wandimvera." Anapinda mkono wa bulauziyo pang'onopang'ono. "Iwe unaona maondo anga okha."

Vesi loti ndiyankhire ndinalibe.

Miyezi itatu itatha anawabwezera malo awo. Koma amayi, omwe ankayambitsa nyimbo Lamlungu lililonse, sanayambitsenso. Ankaimba chapansipansi pakati pa anzawo mpaka kumwalira kwawo. Ndinawapepesa ndili wamkulu kale. Anangoseka n'kunena kuti ndinali mwana, koma mawu awo aja sanabwerere.

Mkazi wanga Chikondi anamwalira chaka chathachi. Febuluwale wapitayu ndinapita kumanda kwake, timaluwa toyera toyambirira titangotuluka m'dothi lozizira. Ndinapezeka ndagwada m'matope, ndikuuza mwala za mwana wathu, kuti dzino lake loyamba laguluka. Wodutsa akanatha kunena kuti ndikupembedza mwala.

Lero ndine mkulu wa mpingo, pa mpando womwe ankakhala a Gondwe. Chikhulupiriro changa sichinasinthe, ndipo za gule sindichita nawo. Koma wina akabwera kudzandiuza kuti waona mnzake akuchita zachilendo, sindifulumira kufunsa ngati waona ndi maso ake. Ine ndinaona ndi maso anga. Ndimayamba ndafunsa kuti, kodi munthuyo wataya ndani?