Mthenga Amene Anadzitema Phazi

Dzina lake lenileni sindilitchula, poti kwathu kuno munthu wamkulu sumuitana ndi dzina lake pagulu ngati galu. Akunja anamupatsa lawo, Anselmo, ndipo limenelo aliyense akhoza kuligwira. Ndi mlamu wanga. Anakwatira mlongo wanga, wondiponda pamutu.

Anabwera m'nyumba yathu yaikulu yozungulira ali mnyamata, kudzagwira chikamwini, atanyamula uta wautali kuposa iye mwini. Tinkayembekeza nyama. Tsiku loyamba analowa m'nkhalango m'mamawa, n'kubwera dzuwa litapendeka ndi nkhanu zisanu zokulunga m'tsamba.

"Alamu, nguluwe zimenezi mwazilasa bwanji?" ndinamufunsa. "Zinali zolusa?"

"Zolusa zedi," anatero akuonetsa chala chotupa. "Yaikuluyi inatsala pang'ono kundipha."

Bambo athu sanaseke. Mlongo wanga ndiye anaseka mpaka fodya anamugwa pamlomo, ndipo ukwati unalimbira pomwepo.

Kusaka sanakudziwe mpaka lero. Mphatso yake inali miyendo ndi pakamwa. Ife Ayanomami munthu akamwalira timamuotcha, mafupa timasinja, phulusa n'kulitsekera m'tizipanda ndi phula. Nthochi zikachuluka m'minda timaitana midzi ina kuphwando, timavina, timalira, phulusa lija timalimwera m'phala la nthochi. Zikatero womwalirayo amapita kumsana kwa thambo, ife n'kupukuta misozi. Wokaitana alendo ku maphwando amenewa anali Anselmo. Ankadzola utoto wofiira, kumata nthenga zoyera kumutu, ndipo ulendo wa masiku atatu iye ankauyenda awiri. Akafika ankanjuta pabwalo pamaso pa akuluakulu n'kuyamba kuimba mawu oitanira, akudziomba m'ntchafu.

"Nthochi kwathu zikuola! Anyani owamba afika kudenga! Akazi akwathu akuti inu kuvina munaiwala, mwina miyendo inauma!"

Aliyense ankadziwa kuti theka ndi bodza, koma ankabwera, ndi agalu awo omwe.

Midzi imene ankaizungulira inali isanu ndi umodzi. Kenaka kumtunda kunafika okumba golide. Mtsinje unasanduka ngati madzi otsukira mphika, malungo analowa m'nyumba. Ana ake awiri aamuna anapita m'dzinja limodzi, ndipo anathamanga yekha kukaitana anthu kuphwando la phulusa lawo. Anabwerako mawu atasasa. Anatsala ndi Dalva yekha, mwana wamkazi, amene atakula anakwatiwa kuseri kwa phiri.

Midzi ija inayamba kuchepa. Umodzi unathawira kumapiri kumene ngakhale iye analephera kuulondola. Wina unasamukira pafupi ndi msasa wa okumbawo. Atapitako anapeza amuna ataledzera kachasu dzuwa lili paliwombo. Ananjuta monga mwa masiku onse n'kuimba, koma mkulu woyenera kumuyankha anagona tulo mawu ali pakati. Tsiku limenelo Anselmo anabwerera atachotsa nthenga kumutu, ndipo sanandiuze zimenezi mpaka patapita mwezi.

Mlongo wanga anadwala chaka cha chifuwa chachikulu chija. Ankapuma ngati wakwera phiri atangogona m'machira ake. Asing'anga athu anamuimbira masiku atatu, osasintha. Pafupi ndi nyumba yathu panali kabwalo ka ndege ndi kanyumba ka mankhwala, ndipo namwino wa pamenepo anaitana ndege pa wailesi.

"Chimenecho sindikwera," anatero mlongo wanga. "Ndifere pompano. Mundiotche ndi nkhuni zouma bwino, osati zaziwisi zimene amatola amuna angawa."

"Make Dalva, usayankhule ngati mwana," anatero Anselmo. "Ukabayitsa jakisoni, ubwera utanenepa, udzandinyoze mpaka ndikalambe."

"Inu bambo a Dalva, pakamwa panupo munanamiza midzi isanu ndi umodzi. Lero mukunamiza ine?"

Komabe anamumvera. Mwamuna wakeyo anamubereka yekha mpaka pa ndege. M'katimo munali kale ana atatu odwala ndi amayi awo, malo a womuperekeza panalibe. Anselmo anatsala ataima pa udzu, tsitsi likuuluka ndi mphepo ya ndegeyo.

Patapita masiku asanu ndi anayi wailesi inanena kuti wamwalira. Akazi anadzipaka makala m'masaya, maliro anayamba, ife amuna tinakadula nkhuni, zouma bwino monga ananenera. Ndege inabwera, inatsitsa makatoni a mankhwala. Inabweranso, inatsitsa mayi wina wochira. Kachitatu Anselmo anaima pakhomo pa namwino osasuntha. Namwinoyo, akuyang'ana pansi, anati mtembo subwera. Anaukwirira kumzinda, chifukwa matendawo anali opatsirana, ndipo lamulo silinkalola kufukula zisanathe zaka zitatu.

Ine ndiye ndinkamasulira, poti Chipwitikizi ndimachimvako pang'ono. Ndinabwereza mawuwo kawiri asanamve.

"Anamukwirira? Pansi?" anafunsa. "Ngati phesi la chinangwa? Munthu?"

Anapempha malo m'ndege kuti akamutenge. Namwino anati ndege ndi ya odwala okha, ndipo sakanatha kuchitira mwina.

M'mawa mwake ndili kumunda ndinamva Anselmo akuitana, mosakuwa n'komwe. "Alamu, tabwerani mudzandinyamule. Nkhwangwa yaterereka."

Ndinamupeza atakhala pa chipika, phazi lakumanja litang'ambika kuchokera pa zala mpaka pakati. Pansi pa bondo panali luzi lomangidwa bwinobwino, mfundo yake yosachita kufulumira.

"Nkhwangwa yanuyi ndi yaulemu," ndinatero ndikumubereka. "Imayamba yadikira mumange luzi."

"Tsekani pakamwa, inu. Mukaulula ndidzauza mtsinje wonse kuti mumathawa achule."

Magazi ake ankayenderera pa ntchafu zanga njira yonse. Ulendo uno malo m'ndege anapezeka, ndipo ine ndinakwera nawo ngati womasulira.

Kuchipatala cha mumzinda wa Boa Vista anamusoka, zala ziwiri anadula. Masabata awiri atatha anadzuka ndi ndodo, tinafunsafunsa mpaka tinapeza ofesi yosunga mabuku a akufa. Mlembi wake anali munthu wabwino ndithu. Anatipatsa mipando ndi madzi ozizira, n'kutsegula buku.

"Dzina la malemu?"

Dzina la womwalira silituluka pakamwa pa m'bale wake. Mlembiyo anafunsanso mokweza, poganiza kuti sitinamve.

"Akufuna chiyani?" anandifunsa Anselmo, ngakhale anali atamva.

"Dzina lake."

"Muuzeni kuti ndi mkazi wanga. Wa chipsera pachibwano. Woseka kwambiri uja."

Mlembiyo anati buku silidziwa chipsera. Anselmo anayang'ana khoma, thukuta likutsika m'khosi. Pomaliza ine ndinawerama n'kunong'ona dzina lachikunja limene namwino wakalekale analemba pa khadi la mlongo wanga. M'kamwa munandiwawa tsiku lonse. Mlembiyo anayendetsa chala m'buku, n'kuima, n'kuyendetsanso. Akazi a dzina limenelo anali atatu, onse akumtsinje kwathu, onse oikidwa sabata imodzi. Namwino wakale uja ankalikonda dzinalo, analipatsa theka la atsikana a m'midzi yathu.

Manda anali kumapeto kwa mzinda, dothi lofiira lopanda mtengo ndi umodzi womwe. Mlonda anatitsogolera ku mitumbira itatu yoyandikana. Anati timatabwa ta manambala tinagwa ndi mvula, ndipo anyamata a ntchito anangotizika mmene anaonera.

"Ndi mmodzi mwa atatuwa," anatero.

Anselmo anaponya ndodo, anakwawa mpaka pakati pa mitumbirayo. "Make Dalva, uli pati? Ndabwera. Tsokomola ndimve." Anadikira ndithu, khutu lili pansi. Kenaka anayamba kukumba wapakati ndi manja. Mlonda anamugwira m'mapewa, mosamupweteka, akuti akapitiriza aitana apolisi.

"Muuzeni ndikumba onse atatu," anatero Anselmo. "Ndiwanyamula onse. Enawo abale awo ndimawadziwa, ndimadya nawo."

Ndinamasulira. Mlondayo anapukusa mutu, n'kumuthandiza kutola ndodo.

Dothi lija linalowa m'bala. Phazi linatupa, linanunkha, ndipo madokotala anadulanso mpaka pakati. Tinabwerera kwathu chimanjamanja. Anselmo anatentha machira a mkazi wake, dengu lake, mikanda yake, anazula thonje limene mkaziyo anabzala, monga timachitira. Koma makala m'masaya mwa akazi sanachotsedwe, poti maliro opanda phulusa satha. Dalva anakhala ndi masaya akuda mpaka khungu linasuwa.

Anselmo anawerenga zaka zitatu ndi zipatso za migwalangwa. Zitakwana tinafunsa pa wailesi. Anati mafupa ayenera kuyezedwa kaye kuti adziwe a ndani ndi ati, ndipo woyezayo sanafike. Chaka chotsatira anati mapepala anasamukira ku ofesi ina. Kenaka okumba golide anaombera mfuti kanyumba ka mankhwala, namwino anachoka ndi wailesi yake, ndege inaleka kubwera.

Ife tinaganiza zosamuka. Minda inali itatopa, nsomba zinali zitatha, ana ankatsegula m'mimba ndi madzi a mtsinje. Tinamanga nyumba ina kumapiri, mtunda wa masiku awiri. Anselmo anakana. Dalva anabwera kudzamuchonderera, mwamuna wake atalonjeza kumubereka njira yonse.

"Ndege ikabwera ndi amako ipeze ndani?" anamufunsa. "Ipeze tchire? Ibwerere nawo?"

Anatsala yekha m'nyumba imene munkagona anthu makumi asanu ndi atatu. Tsiku lililonse ankapita pa kabwalo ka ndege kaja ndi chikwanje, n'kumalambula atakhala pansi, akudzikhwekhwereza. Akafika kumapeto, koyambirira kunali kutamera kale. Ine ndinkamupititsira nthochi ndi nyama yowamba mwezi ukaoneka.

Ndege inateradi tsiku lina. Inali ya okumba golide. Anaona kuchokera kumwamba kuti pali bwalo loyera bwino pafupi ndi mtsinje, n'kuyamba kutsitsirapo migolo ya mafuta ndi mapaipi. Iliyonse ikatera iye ankatsimphina kukafunsa woyendetsa, m'chinenero chathu, ngati wabweretsa mafupa. Iwo ankaseka, kumusisita pamutu, kumupatsa mabisiketi. Msasa watsopano unamera pamene panali munda wa bambo athu, ndipo makina awo tinayamba kuwamva ngakhale kumapiri kuja mphepo ikatembenuka.

Anthu kwathu anakwiya. Ena ankati mkuluyo wapenga, ena ankati wagulidwa. Amuna anagwirizana zokagwetsa mitengo pabwalopo, ndipo anatuma ine kuti ndikamuuze, poti ndi mlamu wanga.

Ndinamupeza pakati pa bwalo, msana wonse uli zilonda za ntchentche zoluma.

"Alamu, mukulimira adani," ndinatero. "Ndege zimene zikutera panozi si za kumzinda."

"Ndikudziwa. Ndine wopunduka phazi, osati maso."

"Nanga bwanji?"

"Make Dalva ndinamukweza ndege ndine," anatero, osaleka kulambula. "Anakana, inu munalipo. Ndinamuuza kuti abwera."

Ndinafuna kumuuza kuti mlongo wanga sabweranso, kuti mwina mitumbira ija anakwirirapo kale anthu ena. Ndinangomukulungira fodya, tinakhala limodzi mpaka mthunzi unatipeza.

Amuna aja anapita m'chilimwe, tsiku limene okumbawo anali kumtunda. Anagwetsa mitengo inayi ikuluikulu mopingasa bwalo. Anselmo sanawatukwane. Akuti anangowafunsa ngati adya, n'kuwapatsa mabisiketi amene anasunga. Okumba golide sanavutike nazo. Anali atalambula kale bwalo lawo kutsidya, lalitali kuposa lathu.

Ndinapitako mwezi wathawu. Denga la nyumba yakale lagwa mbali yonse ya kummawa, iye amagona pa kangodya kotsala. Nkhwangwa alibe, anamulanda amuna aja. Ndinamupeza pa mtengo woyamba, akusadza nthambi ndi chikwanje chobuntha. Thunthu lake ndi lakuti amuna atatu sangalikumbatire. Anati akamaliza nthambi alitentha ndi moto pang'onopang'ono, ndipo anandipempha kuti ulendo wina ndidzabwere ndi mwala wonolera.

Ndinavomera. Pobwerera ndinadutsa njira yakumunsi kuti ndisaone mitengo itatu inayo.