Tsiku Limene Tonse Tinakhala Pansi ku Bradford

Achemwali anga a Gertrude sanadwalepo chibadwire, mukawafunsa eni akewo. Akuti malungo anawapezapo kamodzi kwathu ku Ntcheu, koma anapepesa n'kubwerera. Kuno ku Bradford agwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba mpaka imvi mbuu: kunyamula azungu, kuwasambitsa, kuwatembenuza pabedi. Mutaphatikiza onse amene anawanyamula, ndiye kuti mayi ameneyu ananyamula mzinda wonse ndi agalu ake omwe.

Mawondo ndiye anasunga chakukhosi. Masiku ano achemwali akamadzuka pampando mumamva ngati wina akuthyola nzimbe, galu wa aneba n'kuyamba kuuwa. Nyumba yawo ndi zogundizana zija, masitepe ake oti ngakhale mbuzi ingayambe yapemphera, ndipo chipinda chogona ndi bafa zonse zili m'mwamba. Tsiku lina ndinawapeza akukwera chokhala, chafutambuyo.

"Ndikuyendera kapeti," anatero. "Ana a masiku ano sasesa m'makona."

Mwana wawo Taonga, nesi ku Wakefield, sanabise mawu: kapena a khansolo athandize kuika mpando wamagetsi wokwera nawo masitepe, kapena amayi asamukire kwa iye. Achemwali atamva zokakhala pakhomo pa mkamwini, kumakakumana naye pakhomo la bafa ali chimangire thaulo, anati bola azigona m'basi.

Komatu a khansolo sangopereka mpando. Amayamba afunsa kaye, kuti aone ngati n'kofunika kutumiza anthu odzakuyesa mmene umayendera, mmene umasambira ndi mmene umakwerera masitepe. Ndiye anawaimbira foni achemwali. Muli bwanji? "Faini, thenkiyu." Masitepe mumakwera? "Tsiku lililonse." Kuphika mumatha? Apo achemwali anapsa mtima n'kuyamba kutchula ndiwo zonse zimene anaphikapo chiyambire ukwati. Wofunsayo anatsala pang'ono kuwapempha kuti abwerere ku ntchito.

Taonga anaimbanso, kuchonderera, mpaka a khansolo anavomera kutumiza munthu mmodzi kudzangosuzumira. Akati kuyesa n'kosafunika, basi, mpando palibe, katundu akwere ulendo wa ku Wakefield. Ine ndinaitanidwa ngati mboni.

"Malume, akanama muzitsokomola," anatero Taonga. Ndinadziwiratu kuti ndituluka m'nyumbamo pamachira.

Vuto linali limodzi: pa zonse zimene Taonga anafotokoza, achemwali anangomvapo mawu oti kukubwera mlendo. Tinapeza nyumba yonse yokolopa, mandasi mbale tho, nyemba zili pamoto, duku latsopano kumutu. Ndodo yoyendera inali itasowa ngati sinagulidwepo.

Mlendoyo anali bambo wandevu, wa ku Zambia, dzina lake Chabala. Atangoti "Muli bwanji, amai?" achemwali nkhope inawala ngati aona mwana wobwera ku Joni. Anamukhazika pasofa, anatenga kabeseni ndi jagi, n'kugwada kuti amusambitse m'manja monga kwathu. Mawondo anati phwa! phwa! Galu uja anayankha.

Bamboyo anasamba, anapukuta m'manja. Achemwali sanadzuke.

Chabala analeredwa bwino, sakanakhala pasofa munthu wamkulu ali pansi. Anatsetsereka n'kukhala pakapeti. Taonga naye pansi. Ine ndinatsala ndekha m'mwamba ngati khwangwala, ndiye ndinatsikanso.

"Amai, kudzuka pansi kumakuvutani?" anafunsa Chabala.

"Ine? Ndimadzuka ngati mphira."

Ndinatsokomola.

"Iwe Tobias, chifuwa chakocho uzikachitira panja."

"Mungandionetseko, amai?"

"Kwathu sitidzuka mlendo asanamwe tiyi."

Taonga anathira tiyi. Chabala anamwa wotentha yemweyo, misozi ili lengelenge.

"Asanamalizenso mandasi," anawonjezera achemwali.

Mwambo umenewu ine, mbadwa ya ku Ntcheu, ndinaumva koyamba tsiku limenelo, ndipo ndinatsokomola mpaka mawindo ananjenjemera. Koma bambo uja anadya. Anadya mandasi oti akanakwanira maliro a mfumu. Atameza lomaliza, achemwali anati titseke m'maso. Anapempherera Zambia chigawo ndi chigawo, anapempherera madalaivala a basi, analowa mu Yisiraeli, ndipo ndikukhulupirira kuti akanafika ku Chivumbulutso pakanapanda fungo.

Nyemba zinali kupserera.

Anthuni, achemwali anga angakukhululukireni chilichonse, koma mphika wawo sunapsererepo. Taonga anati adzuke. "Khala pansi! M'khitchini mwanga ndimalowa ndine," anakalipa achemwali. Anagwira tebulo, tebulo inabwera kwa iwo. Anagwira phewa langa, tonse tinapendama ngati minibasi yodzaza mbali imodzi. Anayesanso, thukuta kamukamu, duku litakhota. Utsi unayamba kulowa pabalaza.

"Taonga, mwanangu," anatero chapansipansi, "kaphule nyembazo. Ndodo ili kuseri kwa firiji."

Palibe anaseka, ngakhale ine. Chabala anawagwira m'khwapa mwaulemu, monga mmene iwo ankagwirira okalamba awo aja, n'kuwaimiritsa.

"Amai, anzanga abwere adzayese?"

"Abwere. Koma musakawauze za nyembazi."

Anabweradi, anayesa, ndipo patapita miyezi mpando unaikidwa. Mkamwini ku Wakefield akusambabe mwamtendere. Achemwali amakhala pampandowo chikwama chili pamiyendo ngati akupita ku Lilongwe, n'kudina batani. Dzulo ndinawafunsa ngati mawondo apezako bwino.

"Mawondo ake ati?" anatero akukwera pang'onopang'ono. "Ine ndikuyendera penti wa khomali."