Ndinatchula dzina la mnzanga m'machimbombo

Lachiwiri lapitali ndinakwera machimbombo a m'mawa, basi yathu ya kuno, pa Entre Lagos, ulendo wa ku Chiuta kukaona mnzanga. Pano ndingomutcha Saide, ngakhale si dzina lake. Tinadziwana tikuyala njanji, iye Msilamu wa kunyanja, ine mwana wa kumishoni, koma tinkadyera mbale imodzi. Njanji itatha, anabwerera ku maukonde ake. Mng'ono wake ndiye analowa m'tchire chaka chatha kukamenyana ndi boma la atsamunda, ndipo kuyambira pamenepo a ku posito, ofesi ya boma ya kumeneko, amaiyang'ana nyumba imeneyo ndi diso lofiira.

Ndinanyamuka mtima uli m'mwamba. Masiku ano ndani amakwera machimbombo akuseka? Woyendetsa amapondetsa matayala momwe mwadutsa galimoto ya asilikali, kuopa mabomba okwiriridwa mumsewu, ndipo tikagunda kadzenje aliyense amagwiritsa mpando. Mayi wina anali ndi nkhuku m'dengu, nayonso inangoti zii.

Bodza ndinali nditalikonzera kunyumba: ndikukagula nsomba zouma. Asilikali atatiimitsa pa mlatho n'kutitsitsa tonse, bodzalo linatuluka bwinobwino. Ndinakweranso ndikudzitama mumtima kuti ndine dolo.

Pambali panga panali bambo wina wa jekete yotuwa, wa nkhope yofatsa, munthu woti ungamusiyire katundu n'kupita kukataya madzi. Titaupitirira mlathowo anamasula kansalu, n'kutulutsa chinangwa chootcha, n'kuchinyema pakati.

"Tiyeni, achimwene. Ulendowu ngwautali."

Ndinalandira ndi manja awiri. Inu mukanakana?

"Wakuti ulendowu?"

"Wa ku Chiuta."

"Aa, kwathu kumeneko! Kwa yani?"

Abale, kunamiza munthu wa mfuti n'kosavuta. Koma munthu amene chinangwa chake chili m'kamwa mwako, umamunamiza bwanji? Pakamwa panayankha pokha, mutu usanafunsidwe.

"Kwa Che Saide, asodzi aja."

"Ooo, Che Saide! Akulu ake a mnyamata anasowa uja?" Anamwetulira. "Ndiye mwawatengera uthenga wochokera kwa iyeyo, eti?"

Ndinaleka kutafuna. Ndinakana, ndinalumbira, ndinafotokoza za njanji, ndipo m'mene ndinkachulutsira mawu ndi m'menenso ndinkamvekera ngati wabodza. Iye ankangogwedeza mutu, akutafuna pang'onopang'ono.

Ife tinaleredwa choncho. Wapaulendo amafunsidwa kumene akupita ndi kwa yani, ndipo si miseche ayi. Amafunsa kuti ukadwala panjira adziwe kokanena, ukasochera akulozere njira. Munthu wobisa ulendo wake tinkamuyesa wakuba. Lero ulemu womwewo ndi umene ukugwiritsa anthu. Kazitape wa masiku ano safunika kuchenjera, bola adziwe mwambo wathu. Ndipo tayang'anani m'mene tasinthira: pamaliro tikunong'onezana, pachitsime amayi akukamba za mvula yokha. Akatilanda kufunsana, titsala ndi chiyani choti tizidziwana nacho?

Tinafika dzuwa lili paliwombo. Bambo uja anatsika, nati, "Mukawapatse moni Che Saide." Kenaka anadumpha msewu, kulunjika ku posito. Msipayi, wapolisi wa pakhomopo, anamupatukira, n'kumumwetulira ngati munthu wozolowerana naye.

Mwina ankakadandaula za mbuzi yake yobedwa. Anthu amalowa ku posito pa zifukwa zambiri. Ndinadziuza zimenezi njira yonse ya kunyanja, uku ndikucheuka mpaka khosi kuwawa. Kunena zoona, ndinkaopa kuposa pa mlatho paja.

Saide ndinamupeza akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango. Anadzuka ndi chimwemwe, n'kukuwira mkazi wake kuti abweretse madzi. Ine sindinadikire ngakhale malonje. Ndinamuuza zonse ndili chiimire.

"Wa jekete yotuwa?" Anapukusa mutu. "Sindikumudziwa."

Akanamudziwa bwenzi zili bwino, chifukwa tikanadziwa choopa. Anapinda ukonde uja mosafulumira, n'kutembenukira kwa mkazi wake, amene anali atagwada ndi chikho cha madzi.

"Make ana, mangani zovala zawo. Muwoloke nyanja lero lomwe, dzuwa likadalipo. Mukakhale kaye kwa amalume awo kutsidya."

Mayiyo anandipatsa madzi aja mwaulemu, koma sanandiyang'ane kumaso.

"Nanga inuyo, achimwene?" ndinafunsa.

"Ine ndikathawa ndiye kuti ndavomera mlandu. Ndikhala."

Anandidyetsabe, mudziwe. Anandiotchera nsomba yekha, n'kupepesa kuti nkhuku sanathe kugwira. Ine amene ndinamubweretsera tsoka, iye n'kumandipepesa za nkhuku! Ndinadya misozi ili m'maso, ndikuona mayi ndi ana ake akutsetserekera kudooko, timitolo pamutu.

Pondiperekeza sanapitirire munda wake wa chimanga, kuopa kuti tingaonedwe limodzi pamsewu. Anandigwira dzanja nthawi yaitali.

"Mwachita bwino kubwera, achimwene. Koma musabwerenso mpaka ndikutumizireni mawu."

Ndinakwera machimbombo a madzulo, ndipo njira yonse sindinalankhule ndi munthu.

Mawuwo sanafike mpaka lero. Sindikudziwa ngati bwato la mayi ndi ana aja linaoloka bwino, kapena ngati Saide akugonabe m'nyumba mwake. Asodzi a ku Chiuta amafika pa Entre Lagos pafupifupi tsiku lililonse, madengu a nsomba ali panjinga, ndipo aliyense wa iwo akhoza kundiuza. Ndimaima pafupi nawo, ndimagwiragwira nsomba zawo, ndimachoka. Ndimufunse bwanji munthu za mnzanga, popanda kutchulanso dzina lake?