Mazira Atatu Oyandama

Loweruka, mwezi wa Juni. Ndikulemba izi ndili pakhonde, ndikudikira kuti nyemba zipse.

Lero a zaumoyo alanda mazira onse a amayi pamsika wa Bembeke, ndipo wolakwa ndine. M'mawa amayi anandipatsa dengu la mazira, athu ndi a aNambewe, aneba athu omwe timawagulitsira. Ndisanatuluke n'komwe pabwalo ndinaterereka pa mame, atatu n'kusweka. Chifukwa cha mantha ndinathamangira kuseri kwa khitchini, n'kutenga atatu pachisa chomwe nkhuku yathu inachithawa kalekale. Ndinawapukuta bwinobwino ndi chitenje, ngati kuti kupukuta kumachiza dzira losukusa.

Kumsika, bambo a zaumoyo anathira mazirawo mu ndowa ya madzi. Onse anamira, koma anga atatu aja anayandama ngati akundisuzumira.

"Mayi, awa ndi osukusa. Anthu angadwale nawo," anatero mosakalipa, n'kunyamula dengu lonse.

Amayi anagwira pakamwa. "Anga ndinatola dzulo lomweli. Ndi aNambewe awa! Kwawo sindipondakonso."

Ine ndinangoyang'ana zala zakumapazi, n'kugwedeza mutu ngati ndikuvomereza. Pobwerera, aNambewe anatipatsa moni ali m'dimba lawo la mbatatesi, amayi n'kungodutsa. ANambewe anandiitanabe. "Mtsikana wanga, tatenga nzimbe iyi." Ndinalandira ndi manja awiri, ndipo chochititsa manyazi n'chakuti ndinadya yonse.

Mawa tisanapite ku Misa ndiwauza amayi zonse. Kenako tipita limodzi kwa aNambewe, ndipo pakhomo pawo ndikaodira ine.