Thonje la M'chipinda Mwanga

Lole ya thonje itandidutsa pa Balaka dzana, kafungo kake kafumbi kanandikanda pakhosi, ndipo ndinakumbuka chipinda changa cha ku Ngokwe.

Chaka chilichonse tikatola thonje, mayi ankaliunjika m'chipinda chomwe ndinkagona, poopa akuba. Mphumu yanga inkayambanso nthawi yomweyo. Koma ndikakagona kwa mkazi wachiwiri wa bambo, kuseri kwa mzikiti, ndinkapuma bwinobwino. Zimenezi mayi sizinkawasangalatsa.

"Matenda anji otha ukalowa m'nyumba ya munthu mmodzi?" ankatero. "Ndiye kuti mwini wake ndi yemweyo."

Tsiku lina masana chifuwa chinandigwira, chikulira ngati kamwana ka mphaka. Mayi aang'onowo anatulukira ndi mphika wa masamba a bulugamu, nthunzi ili tolotolo.

"Achemwali, mufukizeni mwanayu. Thonjelonso litulutseni, fumbi lake ndi limene likumubanikitsa."

Mayi anaima pakhomo, osaulandira mphikawo. "Mwadziwa bwanji kuti wayamba? Ine sindinatume munthu."

"Ndamumva ndikudutsa."

"Iyayi, bwererani nazo zanuzo."

Ine mphikawo ndinkaufuna, koma mpweya woti ndiyankhulire ndinalibe. Komanso mawu a mayi anali atandilowa: nanga anadziwadi bwanji?

Mayi anandinyamula n'kundigoneka pamwamba pa thonje, pofewa. Kenako anatseka zenera, ming'alu yonse n'kuitsekera ndi nsanza kuti za anthu zisalowe.

"Gona apa, mwanangu," anatero. "Muno palibe amene angakufikire."